Bwana Atamangidwa M'maso

"Mayo, lole ija yaima pachipata!" anakuwa mmodzi wa ana amene ankasewera pabwalo.

Esinati anacheukira kuchipata. Anali atangoyamba dzulo lake uvolontiya pakalabu ya achinyamata, khanda lili kumsana, akuluakulu onse ali kumaliro. M'lolemo munatsika a Gwaza, eni esiteti amene amasiyitsa ana sukulu.

"Iwe mtsikana, ana awa akwere, akasoke fodya kwanga."

Esinati anagwada. "Bwana, ine ndani kukana? Koma anatiphunzitsa kuti mwana satengedwa ndi mlendo. Muyambe mwalowa gulu ngati ife dzulo. Timamangana m'maso, amene mwamugwira ndi wanu."

"Basi? Manga msanga!"

Anawamanga ndi duku lake, kenaka ananong'oneza ana, "Vulani masilipasi, muzilowa m'holo mmodzimmodzi."

A Gwaza anapapasa bwalo lonse, mimba patsogolo, mpaka anakumbatira munthu.

"Ndakugwira, mbuzi iwe! Kwera lole!"

"Ndine dalaivala wanu, bwana. Ndimati ndikuuzeni kuti ana athawa."

Apo n'kuti Esinati atakiya kale chitseko, akuwerenga mitu monong'ona. Onse analimo, ataluma malaya kuti phwete lisamveke panja.