Chipatala cha Zobwereka

Panali munthu wina m'tauni, kudera lija la nyumba zothinana kumene madzi ochapira a mnzako amadutsa pakhomo pako. Anthu anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya chipatala chawo chaching'ono. Anali munthu wabwino, koma woopa manyazi. Umphawi ankaupirira, zoti mlendo auone, ayi.

Chipatalacho chinali chipatala dzina lokha. Mankhwala ankatha mwezi usanafike pakati. Mabedi analipo awiri, ndipo limodzi linkaimira pa njerwa. Ambulansi kunalibe. Mayi akavutika pobereka, abale ankathamangira kukachonderera woyendetsa minibasi, amene ankayamba wafunsa za mafuta. Pamzere wa odwala anthu ankakangana tsiku ndi tsiku. Ena ankati tizilipirako kangachepe kuti mankhwala azipezeka. Ena ankati msonkho timalipira kale pa sopo ndi pa shuga, nanga ndalamazo zimapita kuti? Mkangano unkatentha, koma mashelefu ankakhalabe opanda kanthu.

Wapampandoyu anali ndi mwana wamkazi woyembekezera. Namwino anali atachenjeza kale kuti khandalo silinagone bwino m'mimba, ndipo tsiku likadzafika padzafunika kuthamangira naye ku chipatala chachikulu, mbali ina ya tauni.

Ndiye kunamveka kuti kukubwera mayi wamkulu wochokera ku boma kudzaona chipatala. Eee, dera lonse linagwedezeka! Mukudziwa mmene timachitira kukabwera mlendo: mbale zimene zimangokhala m'kabati zimatuluka, mipando timakabwereka kwa aneba. Wapampando sanakhale pansi. Miyala yonse ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, ndi mitengo yomwe mpaka m'chiuno. Mabedi anakabwereka ku sukulu yogonera komweko, matilesi kwa mwini nyumba yogona alendo, makatani kwa amayi a kutchalitchi. Mwini sitolo ya mankhwala anabwereketsa makatoni odzaza kuti akongoletse mashelefu, koma ananenetsa kuti abwerere tsiku lomwelo. Odwala amene ankagona pansi anasamutsidwira m'kalasi ina kuseri, akuti kuti apumeko phokoso. Wapampando anaima pakhomo n'kumwetulira yekha. Mtima wake unali mbee!

Tsiku linafika. Ng'oma zinalira, kwaya inaimba, amayi ovala zitenje zofanana anavina mpaka fumbi kobo. Mlendo anatsika m'galimoto, nthungululu zili pakamwa pa aliyense. Analowa m'chipatala. Anagwira matilesi, anayang'ana mashelefu odzaza, anaona pansi popanda wodwala ngakhale mmodzi. Potuluka, nkhope yake inali yowala.

Anati, "Bambo wapampando, mwandisangalatsa. Boma lagula ma ambulansi ochepa chaka chino, ndipo yatsala imodzi yokha. Ndikuyendera zipatala kuti ndione kumene kuli mavuto aakulu. Kuno ndaona kuti zinthu zili bwino. Ambulansiyo ndikapereka kwa anzanu amene akuvutika."

Anthu anaomba m'manja, poti anauzidwa kuti mlendo akapumira aziomba. Wapampando nayenso anakweza manja. Kenako anaona mwana wake atakhala pabenchi pakati pa amayi, dzanja lili kumsana, thukuta lili kamukamu. Manja a wapampando anauma m'malere. Mantha anamugwira kuposa manyazi onse amene anawaopapo chibadwire.

Dalaivala anali atatsegula kale chitseko cha galimoto. Wapampando analumpha, analanda chimkuzamawu kwa woyendetsa mwambo, nafuula kuti, "Aliyense amene anabwereketsa chinthu pano, atenge chake! Pompano!"

Ng'oma zinakhala chete. Anthu anayang'anana. Woyamba kudzuka anali mwini sitolo ya mankhwala, amene chiyambire m'mawa maso ake sanachoke pa makatoni ake. Analowa n'kutuluka atasenza. Basitu, anthu anakhamukira m'katimo! Mabedi a sukulu anatulukira pakhomo, miyendo ili m'mwamba. Matilesi anayenda pamitu. Amayi a kutchalitchi anamasula makatani awo, mawindo osweka n'kuonekera. Wapampando mwiniwake anapita kuseri kukatsegula kalasi ija, ndipo odwala anabwerera, wina ataberekedwa kumsana, wina akukoka mphasa yake.

Munatsala mabedi awiri, limodzi loimira pa njerwa. Panja miyala yokha ndiyo inali ikuwalabe.

Wapampando anavula chipewa. Anati, "Mayi, chipatala chathu ndi ichi. Chija munaona chinali cha eni ake."

Mlendo sanaseke, sanakalipenso. Analowanso m'chipatalamo, ulendo uno pang'onopang'ono, popanda kwaya, ndipo anakhalitsamo.

Ambulansi inabwera. Koma musaganize kuti munthuyu anamuimbira nyimbo. Akomiti anamuchotsa pampando, akuti wachititsa manyazi dera lonse pamaso pa boma. Akamadutsa pamsika anthu ankamukuwiza kuti, "Atenge chake!" Zinkamupweteka, kunena zoona. Koma tsiku la mwana wake litafika, mvula ili pwata, minibasi zitatitimira m'matope, ambulansi ija inadutsa pakati pa tauni ikulira, magalimoto akupatuka. Anafika nthawi yabwino. Lero munthu uja alibe mpando, koma ali ndi mwana wake wamoyo, ndi mdzukulu amene amamukoka ndevu.

Abale anga, mawa akhonsolo akubwera kudzamva maganizo athu pa bajeti ya mzinda. Ine polowa muno ndaona kale ndowa za laimu pakhomo pa holo ino. Kanganani za kulipira kapena kusalipira kuchipatala, ndi bwino ndithu, nanenso ndikanganako. Koma wogawa ndalama za boma amagawa malinga ndi zimene maso ake aona. Alendowo tiwapatse mpando, tiwapatse madzi, umenewo ndi ulemu. Akapuma, tiwatengere ku ngalande yotsekeka ija, tiwaonetse shelefu yopanda mankhwala ndi amayi ogona pansi. Tikabisa, manyazi tiwapewa tsiku limodzi, koma ambulansi ipita kwina, ndipo wodzaifuna adzakhala mwana wa mmodzi wa ife takhala muno. Ndowazo zibwerere kumene zachokera.