Miyala ya M'ndowa

Yosiya Chimkonda, mwana wa mlongo wanga, ndiye anandichotsa pa benchi ya kutsogolo, chaka chomwe tinakhoma malata pa tchalitchi chino. Anati amalume nyimbo zanu n'zokoka, jekete lanunso lasuluka, alendo akabwera aziona anthu ooneka bwino. Njerwa za khoma ili tinaumba ndife. Sindinaiwale. Lero inu ana mwadzanditenga pa njinga kuti ndinenepo mawu, poti mukufuna kuikuzanso nyumbayi. Mverani.

Panali munthu wina woyendetsa malole a ku Beira. Munthuyo anakonda nsomba za m'nyanja yamchere, zija za mitundu yowala, zosadyedwa. Anabwera nazo kwawo, pamodzi ndi miyala ya m'nyanja momwemo, naziika m'kathanki kagalasi pabalaza. M'madzimo ankachita kusungunuliramo mchere wake wogula. Miyalayo inali yonyansa, ya zibowo zibowo, yomera ndere. Mwa nsombazo munali ina yofiirira, ya mizere yoyera, imene mwana wake Tiyese ankaitcha Nabanda. Mwanayo sankapita kusukulu asanaipatse moni.

Nsomba zinakula, kathanki kanachepa. Munthuyo anagula thanki yaikulu, yotalika ngati chitseko. Anathiramo mchenga watsopano, madzi atsopano, ndi miyala yosalala ya m'sitolo. Miyala yakale ija anaiponya m'ndowa pamodzi ndi madzi ake, nauza mkazi wake kuti akataye kudzala, chifukwa alendo angamuseke. Mkaziyo anali ndi zochapa zambiri. Anangoikankhira ndowayo pamthunzi kuseri kwa nyumba.

Poyamba nsomba zinathamangathamanga m'nyumba yawo yatsopano. Anzake a munthuyo anabwera kudzaona, nagwedeza mitu posirira. Koma posakhalitsa madzi anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zinaleka kudya. Zinkangoyandama pamwamba, kukamwa yasa. Imodzi inafa. Munthuyo anaonjeza mchere, anaonjeza chakudya, inafanso ina. Nabanda anagona pansi pakona, akupuma mwabefu, ndipo Tiyese anakana kuchoka pagalasipo.

Munthuyo anatuluka kukafuna ndowa yoti atungire madzi oipawo. Anaipeza kuseri kuja. Atasuzumira, anaona madzi ali mbee, oyera mpaka pansi, ndi kankhanu kakang'ono kakuyenda pa mwala, kamoyo. Anaima pomwepo nthawi yaitali. Madzi otayidwa anali abwino, madzi ake onyadira ndiwo anali kupha.

Mkazi wake, ali pa chingwe kuyanika zovala, anati, “Bambo a Tiyese, inu munasamutsa nsomba, koma mudzi wawo munausiya m'ndowa.”

Pakuti m'zibowo za miyala yonyansa ija munkakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene tinkadya uve wa nsomba usana ndi usiku. Ntchito yake panalibe ankaiona. Miyala ya m'sitolo inali yokongola, koma inalibe kanthu m'kati.

Munthuyo anapinda malaya, nanyamula ndowa kulowa nayo pabalaza. Miyala ija sanaibise kumbuyo ayi. Anachotsa yosalala ija, naika yakale pakati penipeni, pamene mlendo aliyense angaione, ndere zake zili pomwepo. Madzi sanayere tsiku lomwelo. Anayera pang'onopang'ono. M'mawa wina Nabanda anadzuka pakona paja, nakalowa m'chibowo chake chakale, natulukamo kudzalanda chakudya. Zofa zinafa. Zotsala zinakula, malo zinali nawo, ndipo patapita nthawi miyala ya m'sitolo ija, ataibwezeramo m'mbali, nayonso inamera ndere n'kuyamba kugwira ntchito.

Tsono inu, kuzani nyumbayi, sindikukanizani. Kathanki kakachepa kachepa. Koma posamuka yang'anani zimene mwaponya m'ndowa. Alipo amayi aja osesa muno kusanache, alipo okumba manda, alipo odziwa khomo la wodwala aliyense. Saoneka bwino pa chithunzi. Atengeni akadali onyowa, muwaike pakati. Njinga mwadzanditengera ija yandionetsa kuti kuseri kwa nyumba mwayamba kusuzumirako.

Yosiya anakayambitsa mpingo wakewake kuboma. Amapemphera m'kalasi yobwereka, iye, mkazi wake, ndi mabenchi.