Mandasi a Makoswe

Kolera itavuta m'tauni, boma linaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika pamsika. Zinthu zinali zitakwera kale mitengo, ndipo Nasibeko, mayi wokazinga mandasi, analibe pena pogwira. Anapitiriza kugulitsa mobisa.

A Matewere, oyang'anira msika, anamugwira. "Mayi, m'mawa uliwonse muzibweretsa beseni la mandasi ku ofesi, tiziwawotcha monga mwa lamulo. Mukakana, benchi yanu tilanda."

Mandasi ankapitadi ku ofesi, koma utsi sunkaoneka. Chimene chinkaoneka ndi masaya a bwana, amene ankanka nafufuma.

Tsiku lina Nasibeko anapereka beseni, nadikira pang'ono, kenaka anabwerera pakhomo la ofesi amayi anzake ali pambuyo. Anafuula kuti:

"Bwana, mwawotcha kale? Musambe m'manja ndithu! Popeza munaletsa kudyetsa anthu, a lerowa ndinakonzera makoswe."

Chitseko chinatseguka mwaphokoso. A Matewere anatuluka milomo ili noninoni, chala chili kukhosi.

"Mayo, ndafa ine! Ndadya theka la beseni! Ndipatseni mkaka! Itanani galimoto!"

Msika wonse unakhamukira kudzaona mwini lamulo akugubuduka m'fumbi. Nasibeko analowa mu ofesi, natola limodzi mwa mandasi otsalawo, naliluma mosatekeseka anthu onse akuona.

"Dzukani, bwana, mukudetsa malaya a boma. Ndinati ndi a makoswe, sindinati muli mankhwala. Ndimangofuna ndimuone khoswe wake."

Kuyambira tsikulo, a Matewere akangoona beseni ankatembenuka n'kulowera njira ina.