Mmisiri wa Matabwa ndi Zilembo Zitatu

Panali munthu wina ku Balaka, mmisiri wa matabwa, amene anthu ankamutchula kuti a Gomiwa. Imvi zitayamba kuoneka m'mutu, iwo ndi mnzawo a Likongwe, telala wa pakhonde la sitolo, analembetsa sukulu ya makompyuta imene mayi Nasimango anatsegula kuseri kwa msika.

Tsiku loyamba mayiwo analemba pabolodi: CPU, USB, RAM. A Likongwe anali a mutu wogwira msanga. Posakhalitsa zilembozo ankazitchula ngati nyimbo, ndipo mayeso ankakhoza. A Gomiwa ankatsalira m'mbuyo, chifukwa sankalola chilembo kudutsa asanachifunse kwawo.

"Pepani mayi, CPU ameneyu ndani kwenikweni?"

"Ndi mawu atatu a Chingerezi ofupikitsidwa, bambo. Ndi pamene pamagwiridwa ntchito yonse ya makinawa. Tinene kuti ndiye mmisiri wake."

"Nanga USB?"

"Ndi kabowo kamodzi kolandira zipangizo zosiyanasiyana."

"Chabwino. Nanga RAM?"

"M womalizayo akuimira chikumbukiro, koma ndi chikumbukiro cha pompano. Chili ngati mphasa yoyanikapo ufa. Zimene mukulemba zimayamba zakhala pamenepo, ndipo magetsi akathima zimapita zonse. Chimene mukufuna chikhalitse, muzichisunga, chilowe m'nkhokwe ya m'kati."

Ophunzira ena ankang'ung'udza kuti akuchedwa. A Likongwe ankangoseka. "Achimwene, pamayeso safunsa zimenezo."

Chaka chomwecho mwana wa a Gomiwa, Mwandida, ankakonzekera ukwati. Anapempha bambo ake kuti amupekere nyimbo, pakuti paunyamata wawo ankatsogolera kwaya. Iwo anavomera, koma mawu anakana kubwera. Ankapala thabwa akung'ung'uza, kukada alibe ngakhale mzere umodzi.

Masana ena a m'dzinja, ali m'kalasi, mawu aja anabwera okha. Anayamba kulemba pakompyuta ndi zala ziwiri, mzere pambuyo pa mzere. Pambali pawo a Likongwe ankakonza chikwangwani cholengeza ntchito yawo yosoka, atachikongoletsa ndi mitundu yambiri. Kunja mitambo inada, mphepo inayamba kugwedeza malata, ndipo babu la kudenga linaphethira.

Nthawi imeneyo a Gomiwa anali ndi mzere womaliza pamlomo, wokoma kuposa yonse. Ankadziwa kuti akaima uwathawa. Ankadziwanso kuti mizere ina ija inali ikadali pamphasa paja, isanalowe m'nkhokwe. Anaima. Anafufuza posungira pang'onopang'ono monga anaphunzirira, anaipatsa nyimboyo dzina, n'kuisunga. Atangochotsa chala, magetsi anathima, chipinda chonse chinada.

A Likongwe anayang'ana galasi lakuda la kompyuta yawo, kenako anaomba m'manja n'kuseka mpaka misozi. "Chikwangwani changa chapita ndi mphepo! Achimwene, inu zanu zilipo?"

"Zilipo," anatero a Gomiwa. "Koma mzere umodzi wandithawa."

Mzerewo sunabwerenso. Magetsi atayaka mawa lake, nyimbo ija anaipeza ili momwemo, yoperewera kumapeto. Paukwati kwaya inangobwereza mzere woyamba potsiriza. Mwandida analira, amayi analulutira, ndipo palibe anadziwa kuti panasowa kanthu. A Gomiwa anabwerera kwawo mtima uli m'malo.

A Likongwe anachilembanso chikwangwani chawo. Sabata yotsatira mayi Nasimango atalemba PDF pabolodi, dzanja loyamba kukwera linali la telalayo.

Tsono inu amene mukundimva, masiku ano mayina afupiafupi achuluka. Ali m'foni, ali kuchipatala, ali kuntchito, ndipo n'zotheka kuwatchula bwinobwino moyo wonse osadziwa chimene anyamula. Musachite manyazi kuimitsa wophunzitsa n'kumufunsa. Anzanu adzang'ung'udza kuti mukuwachedwetsa, ndipo mwina pamayeso adzakupitirirani. Koma kufunsa sikudzakupulumutsirani zonse ayi. Kudzangokuthandizani kudziwa, nthawi ikachepa, chimene muyenera kugwira ndi chimene mungalole kuti chipite.