Disiki Yaing'ono ndi Mawu a Malemu

Panali mayi wina wamasiye amene ankatayipa makalata pakhonde la sitolo ya mbewu, pafupi ndi pokwerera mabasi. Ankalembera anthu makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za ukwati ndi za maliro. Laputopu imene ankagwirira ntchito inali ya malemu mwamuna wake, mphunzitsi wa kwaya. Bamboyo ankajambula maphunziro onse a kwayayo kwa zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mawu ake anali mmenemo: kuimba, kukalipira oimba, kuseka, ngakhale kutsokomola. Mawuwo sanali kwina kulikonse.

Koma laputopuyo inakalamba. Ukaiyatsa inkayamba yalira mkati ngati chigayo chakutali, ndipo wofuna kalata ankatha chinangwa chonse asanaone chilembo ndi chimodzi chomwe. Ena ankangodzuka n'kupita kwa wotayipa wina. Odziwa anati vuto ndi disiki, chosungira zinthu cha mkatimo, ndipo anati kunabwera ina yamakono yotchedwa SSD, yopanda chozungulira, yachangu kwambiri. Mayiyo anazengereza miyezi itatu. Ankaopa kuti akangoitsegula laputopuyo, mawu aja atayika.

Tsiku lina analimba mtima. Anatenga laputopuyo ndi kandalama kamene anasunga, napita kumsika wa okonza makompyuta.

Woyamba kumupeza anali wa pakamwa pokoma.

"Amayi, mwafika pakhomo penipeni! Disiki iyi ndi yaikulu. Mulowa zanu zonse, ndi za aneba anu zomwe. Mtengo wake ndi womwe muli nawowo. Yakaleyo mundisiyira, monga timachitira."

Unalidi mwambo wa pamsikapo. Chochotsedwa chinkatsala kwa mmisiri, iye n'kuchifufuta, n'kugulitsa kwa wina. Koma mayiyo anadabwa kuti munthuyu wadziwa bwanji za m'chikwama chake chisanatsegulidwe. Anati, "Ndibweranso," napitirira.

Wachiwiri anali bambo wachikulire, wa benchi yopapatiza pansi pa masitepe, wailesi ikulira pambali pake. Anamupatsa kaye mayiyo mpando. Kenako anafunsa, "Mumachita nayo chiyani tsiku lonse, mayi?"

Mayiyo anafotokoza za makalata. Anatchulanso za disiki yaikulu yotsika mtengo ija.

Mmisiriyo anapukusa mutu. "Zotero ndi thumba lolembedwa makilo makumi asanu kunja, koma pansi n'lobooka. Mumathira, limavomera, osadzaza ayi. Tsiku lotsegula mumapeza za pamwamba zokha."

Anatulutsa ina yopyapyala, nati, "Iyi ndi yaing'ono, koma ndi yoona, ndipo ndalama yanu ikwanira. Makalata anu onse alowa, malo n'kutsala." Anayatsa laputopuyo, nadikira mosadandaula mpaka inadzuka, nayang'ana zimene zinalimo. "Koma nyimbozi ndi zambiri. Sizilowa zonse. Mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. Yaikulu yoona ilipo, koma sindikunamizani, ndi yodula katatu."

Mayiyo anayang'ana mndandanda wa nyimbozo. Kenako anati, "Ndiye ndisankhe zotsala."

Anakokera mpando pafupi, natsegula yoyamba. Munamveka mawu a mwamuna: "A besi, mwameza mbatata yotentha kodi? Tiyambirenso!" Kenako gulu lonse likuseka.

Mmisiriyo anatambasula dzanja, nazimitsa wailesi yake.

Mayiyo anatsegula yachiwiri, yachitatu, yachisanu. Iliyonse ankaimvera pang'ono, chala chili m'mwamba pa batani lofufutira, kenako n'kuchibweza pachifuwa. Panapita ola lathunthu. Zimene anaika padera kuti zifufutidwe zinali ziwiri zokha, ndipo imodzi mwa ziwirizo anaibwezeranso, chifukwa kumapeto kwake malemuwo ankamveka akufunsa ngati mkazi wake wafika ndi madzi akumwa.

Apo mmisiriyo anatsegula kabati. Anatulutsa kabokosi kokalikakalika, kokhala ndi chingwe chachifupi. Kanali kabokosi koikamo disiki kuti izigwira ntchito ili panja pa kompyuta, ndipo ndi kamene iye ankakoperera zinthu za makasitomala. Anali nako kamodzi kokha. Anakamasula, nachotsamo disiki yake, naiika m'thumba la malaya. Anazimitsa laputopu, naitsegula kumimba, natulutsa disiki yakale ija ndi manja awiri, naigoneka m'kabokosimo.

"Mayi, kwanu mumagona ndi nkhokwe kuchipinda?"

"Ayi, bambo."

"Mumatapa za sabata, zina zimakhala panja. Yaing'onoyi ikhale dengu lanu. Yakaleyi yatopa kuthamanga, koma kukhala phee n'kusunga ikudziwabe. Mukawafuna bambowa, mulumikiza chingwechi, alankhula. Musafufute ngakhale imodzi. Mukadzapeza bwino mudzakoperenso kwina, poti nkhokwe nayo imafumbwa."

Mayiyo anayang'ana kabokosiko, nayang'ana mmisiriyo. "Nanga yakale sitsala kwa inu? Ndamva kuti ndi mwambo."

"Mwambowo ndi wa zitsulo, mayi. Umu muli munthu."

"Nanga kabokosika?"

"Ndi kakale. Onani mmene kakalikira. Ndingachite manyazi kukatchula mtengo."

Wa pakamwa pokoma uja ankaonerera ali pakhomo pake. Anafuula, "Madala, mwatsegula mpingo pansi pa masitepepo? Mawa mugwirira chiyani ntchito?"

"Ndidzabwereka kabokosi kako, mphwanga," anayankha mkuluyo, maso ali pa ntchito. "Tsiku limene udzakhale ndi koona."

Okonza ena onse anaseka. Mmisiriyo anaika disiki yaing'ono ija, nakonza zonse, nasamutsira makalata. Atayatsa, laputopu inadzuka mayiyo asanamalize kunena zikomo. Analumikiza kabokosi kaja, ndipo nyimbo zonse zinali pomwepo, zaka zisanu ndi zitatu, popanda yosowa.

Mwana wanga, nkhaniyi ndakuuza chifukwa sabata yamawa ukuyamba kuphunzira ntchito ya manja. Kumasula ndi kumanga akakuphunzitsa ena, ine sindizidziwa. Zoti chaching'ono choona chimaposa chachikulu chonama ukazimvanso kwa ambiri. Changa n'chimodzi. Munthu akabwera pabenchi yako, amakuuza chimene chawonongeka. Chimene akuopa kutaya sakuuza, makamaka wa ndalama zochepa, chifukwa amaona ngati alibe ufulu wopempha zambiri. Usamuthamangitse. Uyang'ane pamene chala chake chikukana kutsika, ndipo ntchito yako iyambire pamenepo.