Kanjunga Akana Kufa M'sewero

Kalekale ndithu, njanji isanalote n'komwe zofika kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, Kanjunga, agogo awo a amayi anga. Mawu ake? Akatsokomola kuno, agalu a ku Dedza ankauwa. Ndikunama ine?

Atsibweni ake pomwalira anasiya dimba la nzimbe, lalikulu loti mbalame inkapumira pakati polidutsa. Pamwambo wathu dimbalo linali la mbumba, woliyang'anira n'kukhala Kanjunga, mwana wa mlongo. Koma Elifasi, mwana wa malemuwo, wophunzira ku mishoni, ankalifuna. Mlandu unali ukadali m'manja mwa akuluakulu.

Ndiye mzungu wa ku mishoniko, amene anthu ankamutcha Chimphuno, anabwera ndi sewero. Ati analemba Mngelezi wina wamakedzana, yemwenso ankasewera pansanja. Ameneyo ankatola masewero a anzake, kudula apa, kusoka apo, n'kumati ndi ake. M'seweromo mfumu ikufa, mwana wa mlongo wake akulowa ufumu, kenaka mwana wake weniweni wa mfumuyo akubwera kudzamubaya ngati mbava. Ati pamenepo anthu awombe m'manja!

Nanga wobaya anasankha yani? Elifasi. Wobayidwa? Kanjunga.

Pokonzekera, Kanjunga ankagwa bwinobwino, poti amati n'zocheza. Koma tsiku lenilenilo, atavala chisoti cha nthenga, anaona akuluakulu oweruza za dimba aja atawakhazika pamipando yakutsogolo, Elifasi akuwasekerera. Magazi anawira. Ndikagona pansi pano pamaso pa awa, anatero mumtima, dimba lapita.

Elifasi anabaya ndi lupanga la bango. Kanjunga chilili. Anabayanso. Chilili!

"Asuweni, igwanitu," ananong'ona Elifasi.

"Kabango aka? Ine ndimatokosera m'mano."

"Mukundichititsa manyazi, anthu akuona."

"Aone kumene. Ufumu mukaufune kwa atsibweni anu, asuweni. Mulibe?"

Chimphuno anatulukira kuseri kwa nsalu, nkhope psuu ngati phwetekere. "Kanjunga! Buku likuti ufe!"

"Bwana, si inu munatiuza kuti mwini bukulo ankasoka masewero a eni ake? Singanoyo anapita nayo kumanda? Lero ndisoka ine."

Anatembenukira khamu. "Inu amayi, mfumu ikafa, amalowa ndani?"

"Mwana wa mlongo!"

Kuyankha kwake, denga la sukulu imene ankachitiramo sewerolo linanyamuka lonse, anakalitola kwa Apwitikizi. Nthungululu! Ndiye Kanjunga anasokadi. Analanda bango lija, anakhala pampando wachifumu, n'kulamula kuti mwana wa mfumu asaphedwe ayi, poti ndi msuweni, koma amuperekeze kwawo kwa amayi ake. Anaitanitsa nzimbe imodzi kwa mnyamata wa m'khamu n'kumupatsa: "Kamba wa panjira, asuweni. Ikatha mudzapemphe ina." Akuluakulu aja anaseka mpaka mmodzi dzino linagwa, ndipo mlandu wa dimba unathera pomwepo. Elifasi sanautchulenso.

Koma imvani nkhanza yake tsono! Chimphuno anamudula Kanjunga mumpingo, ati wawononga ntchito ya katswiri. Wawononga? Mngelezi akasoka, ndi katswiri. Kanjunga akasoka, ndi wowononga? Nanga chilungamo chake chili pati pamenepa? Munthu woti akalira m'sewero ngakhale mbuzi zinkagwetsa misozi, sanamulolenso kuponda pansanja mpaka imfa yake. Chaka chotsatira anapeza wina wofa msanga ngati nkhuku yachitopa, ndipo oonerera anali Chimphuno ndi wophika wake basi. Zimandiwawabe ine mpaka lero.

N'chifukwa chake ife a kwa Kanjunga, munthu akatiuza kuti, "Gona pansi, n'zocheza chabe," timayamba tayang'ana amene akhala pamipando yakutsogolo. Zocheza zimadya munda, ana inu.