Nyimbo za Malemu a Yonasi

Kuseri kwa chigayo pa Nambuma kunali kachipinda komwe Tobias ankakatchula kuti situdiyo. M'makoma anakhomamo mathireyi a mazira, ndipo pakona panali kompyuta yomwe mlongo wake wamng'ono, Rebecca, anamupatsa atayamba ntchito ya zamakompyuta ku Lilongwe. Inkayendera Linux, pulogalamu yaulere yomwe aliyense amaloledwa kuisuzumira m'kati ndi kuisintha. Kujambula makwaya Tobias ankakutha, tisamunamizire. Vuto linali makutu ake: nyimbo ankazimva bwino, koma malangizo ankangolowera uku n'kutulukira uku.

M'kompyutamo munali nyimbo zisanu ndi zitatu za a Yonasi, mphunzitsi wa kwaya ya pampingo wapafupi. Anazijambulitsa mu Juni thupi litayamba kale kuwakana, ndipo mu Julaye anatisiya. Mawu awo kwina kulikonse kunalibe, ngakhale pafoni. Chaka chitatha, akazi awo, mayi Febe, anabwera kudzapempha kuti nyimbozo zikonzedwe, zidzamveke tsiku lovundukula chiliza. Anati sakufuna zambiri, koma adzukulu adzamveko momwe agogo awo ankaimbira.

Nyimbozo zinali ndi chilema chimodzi: pansi pa mawu a malemuwo chigayo chinkamveka kulira. Tobias anamva za pulogalamu ina yatsopano yochotsa phokoso lotere, koma sinkapezeka yopangidwa kale. Eni ake ankangopereka makodi, malemba omwe munthu amawamanga yekha pa kompyuta yake kuti asanduke pulogalamu, ngati wagula matabwa m'malo mwa mpando. Anagula bandulo ya intaneti, natsitsa makodiwo, kenaka n'kuimbira Rebecca. Sikunali kufunsa ayi, kunali kudzichemerera.

Rebecca anamuuza kuti ayambe wakopera nyimbo zonse pa fulashi ndi kuwerenga kafailo ka malangizo kobwera ndi makodiwo. Anatsindikanso kuti asayerekeze kugwiritsa ntchito pasiwedi yaikulu, ija imatsegula chilichonse m'kompyuta. Tobias anaseka chikhakhali. Mwana yemwe anamuphunzitsa yekha kupalasa njinga, lero azimuuza zochita? Fulashi inali yodzaza ndi nyimbo za ukwati wa eni, ndipo kafailoko anakaona kutalika. Zonse ziwiri anazilumpha.

Kompyuta inayamba kumanga, malemba akuthamanga pa sikirini, kenaka inaima. Inati pulogalamuyo ikufuna chigawo china chatsopano pomwe m'kati munali chakale. Chakalecho ndiye chinali mzati womwe mapulogalamu ena onse ankatsamirapo, ndipo malangizo osawerengedwa aja ankati chatsopanocho chiikidwe pambali pachokha. Mkulu wathu anachitsitsa, nachimanga, nalemba pasiwedi ija, n'kuchiika pamwamba pa chakale. Kompyuta inamuchenjeza kawiri. Kawiri konse anailamula kuti ipitirize.

Ataizimitsa n'kuiyatsanso, inangoonetsa mdima ndi timalemba toyera. Poti alembe dzina lake kuti alowe panalibe. Anaimbiranso foni Rebecca.

"Achimwene, nyimbozo zikadali momwemo," anatero Rebecca. "Chonde musakhudzenso chilichonse. Ndibwera Loweruka."

Linali Lachitatu. Masiku atatu okha, ndipo chomvetsa chisoni m'nkhaniyi n'chimenecho. Lachinayi m'mawa mayi Febe anadutsa atamunyamulira mtedza m'kambale, nafunsa ngati ntchito ikuyenda. Iye anayankha kuti zonse zili m'chimake. Atangochoka, manyazi anamugwira: anthu adzamve kuti situdiyo yake anadzaidzutsa ndi mlongo wake wamng'ono? Anapisa m'kabati, natulutsa fulashi ina yomwe Rebecca anaikira Linux poyamba paja, n'kuyamba kuiikanso mwatsopano. Panabwera funso lokhudza zomwe zinali kale m'kompyutamo. Sanaliwerenge mpaka kumapeto, anangovomera.

Pofika masana kompyuta inadzuka yowala ngati yogula kumene. Tobias anawomba m'manja yekhayekha. Ulendo uno anawerenga malangizo aja mzere ndi mzere, natsitsanso makodi, ndipo pulogalamu yochotsa phokoso inamangika bwino lomwe. Anaitsegula, napita kukatenga nyimbo zoti aziyeretse. Foda ya a Yonasi panalibe. Anafufuza dzina lawo, dzina la kwaya, tsiku lojambula, osapeza kanthu.

Rebecca anafika Loweruka, nakhala pa kompyutapo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza anafotokoza motsitsa mawu kuti kufufuta kokha kukanasiya chiyembekezo, koma zatsopano zonse zija zinalembedwa pamalo pomwe panali nyimbozo. Sanamukalipire, ndipo zimenezi zinamupweteka Tobias kuposa kutukwanidwa.

Tobias atapita kwa mayi Febe anawapeza akupera chimera cha thobwa la pamwambo, abale ochokera ku Kasungu atafika kale. Anakhala pansi chapatali, chipewa chili m'manja. Anayamba kunena za makodi ndi zigawo, koma anadzimva yekha kuti akungozungulira, nangonena kuti nyimbo zija zafufutika.

"Ndiye mukuti ngakhale imodzi, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Ngakhale imodzi, mayi."

Mayi Febe anapukuta manja pa chitenje.

"Chigayocho mukanangochisiya chizilira," anatero. "Ine amuna anga ndikanawamva ndithu."

Chiliza anachivundukula Lamulungu lotsatira. Kwaya inaimba nyimbo zomwezo, koma pomwe a Yonasi ankayambitsa panali phee kanthawi, aliyense kudikira mnzake. Tobias anaima kumbuyo kwa anthu, ndipo kunyumba ya mwambo sanafikeko. Pulogalamu ija ikugwirabe ntchito mpaka lero, koma mawu omwe anaimangira sadzamvekanso. Akale sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.